Makina a Mkamwini Wanga

Malemu amayi anandichenjeza kuti, "Chinthu chozungulira chokha usachiyandikire." Tsopano mkamwini wanga akupanga makina osemera zitsulo kuseri kwa nyumba, ndi mota yakale ya chigayo.

Ndinalota atawayatsa. Lamba wa makinawo anali chitenje chimene ndinavala, ndipo chinkandikoka pang'onopang'ono. Tizitsulo totentha tinandidzaza m'kamwa, fungo la oilo lili guu. Mwana wanga Esinati ankangoti, "Amayi, dekhani, akuwongoleni msana." Ndinafuna kukuwa, koma mpongozi angakuwire bwanji mkamwini? Iyenso, mwaulemu, ankayang'ana kumbali, dzanja likukankhabe mpeni wa makinawo.

Ndadzuka m'chiuno mukuwawa. Esinati akuti ndi ukalamba, koma nayenso sindimukhulupirira. Makinawo adzawayatsa Loweruka. Anansi inu, mudzandizondeko, mudzandione ndi maso. Musadzabwerere pakhomo atakuuzani kuti ndagona.