Mizu ya Anyezi Wanga

Ba Kasoma, aphunzitsi a bayoloje a mwana wanga Chipego, anakhala ndi ngongole yanga masabata awiri athunthu. Osati ya ndalama ayi. Ya diso.

Zinayamba chonchi. Chipego anatumidwa kumeretsa anyezi wa kalasi lonse. Anakhazika mitu isanu pa makapu a madzi pawindo, mizu n'kutuluka yoyera ngati ndevu. Ine ndagulitsa anyezi pamsika wa komboni ya George zaka khumi ndi zinayi, ndipo anyezi wandevu sagulidwa. Ndinatenga mpeni n'kumeta yonse, ndikuimba.

Mwana atabwera analira ngati pamaliro. "Amama, mizu ndiye ifunika. Mawa tiziyang'ana pa maikulosikopu, kalasi lonse lidalira ine."

"Nanga sunakambe bwanji? Ndani amadya mizu?"

Ndinathamangira kuseri kwa kiyosiki ya madzi komwe timataya anyezi wonyowa. Pamatope paja anali atamera yekha. Ndinatola wodzaza chitenje, m'mawa n'kupita naye kusukulu. Ba Kasoma anafunsa mtengo.

"Mtengo ni uwu," ndinatero. "Vimene muona mu mizu yanga, naine nivione."

Anaseka, anavomera. Kenako mawa, mawa, mawa.

Lachinayi ndinasiyira mnzanga wa pamsika Ba Christine tebulo langa, ndinalowa m'kalasi ndi epuloni yomwe.

"Ba tichala, nabwera kutenga vanga."

Ana anafa nako kuseka. Chipego anabisa nkhope m'buku, koma Ba Kasoma anaitana iye yemweyo. Chipego anadula kansonga ka muzu, anadonthezera mankhwala ofiira, anaphimba ndi kagalasi, n'kukanikiza ndi chala.

"Pang'onopang'ono iwe, si tomato wowola uyo."

"Amama, nidziwa."

Ndinaika diso pa maikulosikopu. Nsidze zanga zokhazokha. Ndinatsinzina lina, kunada bii.

"Mwatseka loonera, amayi," anatero Ba Kasoma.

Nditasintha, Chipego anapotoza kagudumu, ndipo ndinaona tizipinda. Tambirimbiri, tothinana ngati nyumba za lendi za ku Kanyama. Mu kena timaulusi tinali titafola pakati. Mu kena tinakokedwa, theka uku theka uko.

"Ni maselo ayo," anatero Chipego. "Kamodzi kagawika kukhala tuwiri, kalikonse katenga gawo lolingana. Ndiye mmene muzu ukulira."

"Lolingana? Popanda kukangana, popanda kuitana achibale?"

"Popanda."

Ndinaseka mpaka duku linagwa. Zaka zonsezi ndimameta zinthu zaulemu chotere n'kutayira mu ngalande. Ndinayang'ananso. Mtsikana wina anati ndi nthawi yake, ndinamuuza adikire, anyezi ni wanga. Mawu amene Chipego ankatchula, aatali ngati mayina a mankhwala, sindinagwire ngakhale limodzi, koma ankatuluka osapunthwa. Ndinamutsina pamkono kuti adziwe kuti ndamva.

Belu linalira.

"Amayi, ngongole yatha?" anafunsa Ba Kasoma.

"Dikirani, aka kamodzi kakalibe kutsiriza kugawika."

"Sikazatsiriza, amama. Tinakapha na mankhwala."

Ndinatola duku langa. "Basi yatha, ba tichala."