Zikhomo M'munda mwa Teleza

Teleza ataweruka kothyola tiyi ku esiteti, anapeza zikhomo zitandanda m'munda mwake, mopingasa phiri. Mundawo anamusiyira mayi ake, ndipo kuno ku Thyolo, alendo akayamba kuyeza malo, munthu sugona tulo. Anazula zikhomo zonse n'kuziponya m'chigwembe.

Chigwembecho chinayamba ngati kanjira ka madzi. Tsopano chinali chitameza mizere ya nandolo ndi theka la nthochi, ndipo chinkasendera kunyumba. Mvula ikagwa, matope ake ankakathira m'munda wa Mwajabu, mnzake wogulitsa nthochi pamsika wa Masambanjati, amene amalima kumunsi kwake.

Madzulo Mwajabu anakwera chitunda ali wefuwefu.

"Achemwali, zikhomo zija zapita kuti?"

"Ndazula. Mukufuna andilande malo ndikuyang'ana? Ana anga akalima kuti?"

"Mantha anuwo ndikuwamva, inenso ndinali nawo," anatero Mwajabu. "Koma amene akukulandani munda si anthu oyeza aja ayi. Ndi madziwa. Chaka chatha dothi lanu ndinakolola ndine, chimanga changa chili pansi pake."

Teleza anatembenuka n'kuyang'ana chigwembe chija.

M'mawa mwake Mwajabu anabwera ndi mlangizi wa zaulimi, a Fainess. Iwo anayamba n'kupepesa.

"Tinalakwitsa, mayi. Msonkhano tinachititsa inu muli kuntchito, ndiye tinalowa m'munda musanamve. Sitikuyeza malire. Tikuyeza kutsetsereka kwa phiri, kuti tidziwe poimika akalozera, mizere ikuluikulu yotchinga madzi."

"Nanga mukamaliza, mundawu ukhala wa ndani?"

"Wanu. Simusaina chilichonse. Mukakana, tichoka."

A Fainess anamupatsa Teleza chingwe kuti agwire yekha. Anamuonetsa kachipangizo kokhala ndi kadontho ka madzi mkati: kadonthoko kakaima pakati, pamenepo m'pokhoma chikhomo. Chikhomo choyamba Teleza anakhoma mokayikira. Chachiwiri anakhoma akuseka.

Ntchito inali yowawa msana. Mabanja a m'phirimo anagwirizana zoyambira pamwamba, chifukwa madzi satchingidwa kumunsi. Anaunda akalozera, nabzalapo udzu wa vetiva. M'chigwembe anatchinga ndi miyala ndi mitengo, m'mbali mwake nabzala nsungwi. Mvula yoyamba inagumula mzere umodzi, Teleza anatsala pang'ono kutaya mtima. Amuna ake, a Dickson, anangonyamula khasu.

"Tiyeni, mayi a Lisa. Wagumuka umodzi, enawo agwira."

Pofika dzinja lachiwiri, dothi linali litayamba kudzaza m'chigwembe. Chimanga cha Mwajabu chinabereka osakwiririka, ndipo Teleza anabzalanso nthochi pomwe kale panali phompho.

Tsiku lina oyeza aja atafika kumudzi wina kutsidya, Teleza anapempha kuti alankhule pamsonkhano.

"Abale anga, mukaona anthu akuyeza m'munda mwanu, afunseni. Ndi ufulu wanu, ndipo ayenera kukuyankhani asanakhome chilichonse. Koma mukamvetsa, gwirani nawo ntchito. Nthaka ikapita ndi madzi, palibe bwalo la milandu limene lingakubwezereni."