Telala Amene Anakasokedwa ndi Loboti

Amayi osoka zovala pakhonde la sitolo ya nsapato anabisa vuto lawo zaka zinayi. Atabereka ana asanu, chiberekero chinatsika, moti ankamva chinthu chikulendewera kumusi. Akatsokomola, mkodzo unkathawa. Kupalasa makina kunasanduka chilango, makasitomala n'kuyamba kupita kwina. Koma manyazi, abale inu! Ankangodzimanga nsalu n'kukhala chete.

Mwana wawo wamkazi atazindikira, anawakokera kuchipatala. Kumeneko anauzidwa kuti chiberekerocho chikwezedwa pa opaleshoni, ndipo adokotala adzagwiritsa ntchito loboti, makina a mikono yachitsulo. Alamu awo aakazi, katswiri wa nkhani zam'maluwa, anawaopseza kuti chitsulo chilibe chisoni, chikalakwitsa sichipepesa. Amayiwo anabwerera kuchipatala kukakana.

Namwino sanalimbane nawo. Anangowatengera pawindo la chipinda chimene adokotala ankayeserera. Pakati panaima mikono inayi yachitsulo ya loboti ija. Adokotala anali pakona, nkhope itazika m'chowonera, zala m'timphete, mapazi pa zopondera. Akasuntha chala pang'ono, kachitsulo kochepa ngati chikhadabo kankalowetsa singano pansalu yoyeserera n'kumanga mfundo, osanjenjemera n'komwe.

"Amayi, makina anu aja amasoka okha mukachokapo?" anafunsa namwino.

"Ayi, mwanangu. Amadikira phazi langa."

"Awanso amadikira adokotala. Akangochotsa nkhope paja, amaima."

Amayiwo anapempha kuti aione nsaluyo. Anaitembenuza kuseri, monga amachitira atelala poyesa ntchito ya mnzawo, n'kukoka msoko mwamphamvu. Sunasunthe. Anavomera kuti pa zaka makumi atatu akusoka sanaonepo msoko wotero, ndipo anasaina zovomera opaleshoni tsiku lomwelo.

Atatsitsimuka opaleshoni itatha, anapeza timabala tinayi pamimba, tochepa ngati mabowo a mabatani. Mawa lake anayenda okha. Anamvera malangizo osanyamula zolemera, ndipo patapita milungu isanu ndi umodzi makina awo analiranso pakhonde paja.

Tsiku lina alamu aja anabwera ndi diresi yoti ibwezedwe. Tepi yoyezera ili m'chiuno mwawo, alamuwo anayang'ana uku ndi uku, kenako ananong'ona.

"Alamu, inetu vuto lomwelo, chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri. Namwino uja amapezeka tsiku liti?"

Amayiwo anapinda tepi, anavundikira makina, n'kuwagwira dzanja, ulendo wa kuchipatala.

Phunziro: Kutsika kwa chiberekero ndi matenda ochizika, si chamanyazi. Pitani kuchipatala msanga, ndipo chimene mukuchiopa kafunseni kwa odziwa.