Chingwe Chofiira cha M'bogi Yachitatu

Nthawi inali itangodutsa wani koloko ya usiku, ndipo kunja kunkagwa mvula yozizira ija yomwe imaundana ikangofika pansi. Ndinatsika masitepe a pasiteshoni nditagwiritsitsa chitsulo, nsapato zitalowa madzi.

Ntchito yanga ndi yowerenga mabuku asanawasindikize, kusakasaka zolakwika. Mkazi wanga Ernestine atamwalira ndinapempha kuti ndizigwira usiku, chifukwa nyumba imakula kwambiri kukada. Ndi momwe ndinadziwirana ndi anthu awiri odikira nawo sitima yapansi panthaka: a Milagros, mayi okolopa m'maofesi, amene nthawi imeneyo amakhala akuweruka, ndi a Fritznel, bambo onenepa ophika buledi kudera la Flatbush, kutsidya kwa mtsinje, amene amakhala akupita kukayamba. Zaka zinayi tinkaimira pamodzi pakatikati pa siteshoni, pomwe pamaima bogi ya kondakitala. Palibe ankadziwa kunyumba kwa mnzake.

"A Profesa afika!" anatero a Fritznel. "Lero mwapha zilembo zingati?"

"Zochepa poyerekeza ndi buledi amene mukapsereze."

"Tamverani nkhalambazi," anatero a Milagros. "Mano a onse awiri kuwaphatikiza sangakwane pakamwa pamodzi."

Ankanditcha Profesa chifukwa cha malamulo anga. Osakwera bogi yopanda anthu, pali chomwe chawathamangitsa. Osagona. Osayang'ana munthu m'maso. Foni izikhala m'thumba zitseko zikamatseguka. Ndinawauzanso kangapo za chingwe chofiira chopachikika kumapeto kwa bogi: munthu akadwala osachikoka, chifukwa chimaimitsa sitima pomwepo, m'ngalande, komwe achipatala sangafike. Umadikira siteshoni. A Milagros ankati ndikadzafa adzandiika ndi bukhu la malamulo pachifuwa.

Usiku umenewo, titadutsa masiteshoni awiri, m'bogi yathu munalowa munthu wopanda jekete, atanyamula botolo losweka. Ankamenya nalo chitsulo chogwirira uku akutukwana wina yemwe ife sitinkamuona. Tonse tinayang'ana nsapato zathu. Sitima itayamba kuchepetsa liwiro ndinagwedeza mutu pang'ono, ndipo zitseko zitatseguka tinatuluka n'kuthamangira kumbuyo. Bogi yotsatira ndinaona kuti ili pafupi kwambiri, ndiye ndinapitirira. Yachiwiri inali yopanda munthu. Tinalowa yachitatu zitseko zikutseka, a Fritznel pomalizira, chikwama chitatsala pang'ono kupanidwa.

"Malamulo anuwa, achimwene," anatero ali wefuwefu, "ndi a anthu owonda."

Anakhala pansi. Anaseka pang'ono, kenako anayamba kusisita mkono wamanzere. Sitima inalowa m'chigawo chachitali chija chodutsa pansi pa mtsinje.

"Bambo, mukutuluka thukuta m'chisanu chino?" anafunsa a Milagros. "Mwamwa chiyani osatigawira?"

A Fritznel anapendekera kumbali pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kutola chinthu, n'kugwera pansi chafufumimba.

M'bogimo munali anthu ena anayi. Awiri anaimirira n'kusunthira kutali. A Milagros anagwada, kuwatembenuza, kuwamenya mbama pang'ono, kuwaitana dzina. Ine ndinathamangira chitseko cha kumapeto kuti ndikaitane kondakitala. Chinali chokiya, monga zimakhalira pa sitima zakalezi. Foni inalibe netiweki. Nditatembenuka ndinaona milomo ya a Fritznel itasintha mtundu.

Ernestine anandiuza madzulo ena kuti pachifuwa pakumuthina. Ndinamuyankha kuti tidikire kuche, koma kunacha atapita. Sindinenanso zambiri pa zimenezo. Ndikungofuna mudziwe chimene chinali m'dzanja langa pamene linanyamuka.

"A Profesa, ayi!" anakuwa a Milagros.

Ndinali nditakoka kale chingwe chofiira chija.

Mabuleki analira, tonse tinakankhikira kutsogolo, mutu wa a Fritznel unagunda mwendo wa mpando. Kenako kunangoti zii. Pawindo pankangooneka khoma lakuda lonyowa.

"Wakoka ndani?" anafunsa mlonda wina wa yunifolomu yotuwa, amene anali atadzuka kumene.

"Madalawo," anayankha mayi wina wachipewa chaubweya.

"Ndi mlendo kapena? Madala, mwafika dzulo mumzinda muno? Siteshoni inatsala mphindi imodzi!" anatero mlondayo.

Ndinabadwira mumzinda muno zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi zapitazo. Sindinamuuze.

A Milagros anali atayamba kale kudina pachifuwa, akuwerenga m'chinenero chakwawo. Atatopa anandikoka buluku, osandiyang'ana. Ndinagwada pamadzi amatope a nsapato za anthu n'kuyamba kudina. Ndinamva nthiti ikuthyoka pansi pa manja anga.

"Musasiye," anatero. "Kuthyoka n'kwabwino. Dinani!"

Kondakitala anafika patapita mphindi zisanu ndi imodzi, atatsegula zitseko zitatu ndi kiyi. Anali mayi wamfupi wa imvi zoyamba kumene. Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana chingwe, n'kuyankhula pa wailesi yake kuti ambulansi ikadikire pa siteshoni yakutsogolo.

"Ndiye tiyeni, mayi, yendetsani!" anatero mlonda uja.

"Ndiyendetse ndi chiyani, m'bale wanga, ndi pemphero? Mabuleki akagwira chonchi, woyendetsa ayenera atsike ndi tochi, ayende mbali yonse kuona ngati sitinaponde munthu. Mabogi asanu ndi atatu. Akatero ndiye timasule."

"Koma palibe wapondedwa! Akoka ndi awa!"

"Ndamva. Lamulo silinamve."

Kondakitalayo sanandifunse chifukwa. Anavula magolovesi n'kugwada kulandira a Milagros. Tinkasinthana atatu. Kuwala kwa tochi kunadutsa pansi pa windo lathu, pang'onopang'ono, kupita kumbuyo, ndipo patapita nthawi kunadutsanso kubwerera. Mayi wachipewa uja anavula jekete lake n'kufunditsa miyendo ya a Fritznel. Sizinathandize chilichonse, koma n'zomwe anali nazo.

Ine ntchito yanga ndi yosadumpha kanthu, choncho ndinayang'ana wotchi. Tinaima m'ngalandemo mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sitima itanyamuka, inafika pasiteshoni ndisanadine kokwana zana limodzi.

Achipatala awiri anali ataima pomwepo ndi machira ndi makina awo odzidzimutsa mtima. Anati akhala akudikira kwa mphindi khumi. Anawatulutsira pasimenti, kung'amba malaya, kumata mawaya. Wamkuluyo anandifunsa kuti anagwa nthawi yanji. Nditamuuza, anayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana pansi. Anayesa katatu. Pokwera nawo masitepe sankathamanga.

Wapolisi anabwera ndi kabuku. "Dzina la malemu?"

"Fritznel," ndinatero.

"Fritznel ndani?"

Ndinayang'ana a Milagros. Nawonso sankadziwa.

Chikwama cha a Fritznel chinali chitatsala pampando. A Milagros anachitenga n'kutsegula. Munali epuloni yoyera yosita bwino, mapiritsi m'kabotolo, ndi lalanje. Pa epuloniyo panali dzina la malo ophikira buledi aja.

"Ndikawauza asawadikire," anatero. Mawu awo anali atasasa. "Mtanda wawo ukufufuma kumeneko."

"Ndikuperekezeni."

"Ayi." Anandiyang'ana m'maso, koyamba usiku wonsewo. "Inuyo ndi amene munatiphunzitsa za chingwecho. Katatu konse, mpaka ndinakusekani. Ndikanakhala ndekha ndikanadikira siteshoni, chifukwa cha inu." Anakoleka chikwamacho paphewa. "Mawa musandisungire malo, a Profesa."

Analowa bogi ina, yakutsogolo, komwe kunali munthu wa botolo uja. Iye anali atagona, pakamwa pali yasa.

Kondakitala anabwerera m'kachipinda kake n'kutsitsa windo. Mawondo a buluku lake anali akuda ndi matope.

"Bambo, mukukwera? Kumbuyoku kwaima sitima zitatu."

Ndinapukusa mutu.

"Chabwino. Imani kutali ndi m'mphepete."

Anatulutsa mutu, kuyang'ana kumanja, kuyang'ana kumanzere, n'kulengeza siteshoni yotsatira ndi mawu omwewo amasiku onse. Kenako anatseka zitseko.