Ziwiri ndi Zitatu

Kuntchito ankamutchula kuti mayi a tizilombo, koma kwawo anali Nazikumbu. Dzinalo anamupatsa ndi achimwene ake, kalipentala, tsiku limene anawauza kuti walembedwa ntchito ku ofesi ya zofufuzafufuza.

"Anzako akuphunzira kubaya anthu jakisoni, iwe waphunzira kubaya zikumbu mapini," anatero akuseka. Sabata yotsatira anamukhomera tebulo lowerengera, losalala ngati galasi.

Chipinda chimene ankagwiramo ntchito chinali chachitali, chozizira, chonunkha mankhwala othamangitsa njenjete. M'mbali monse munali madilowa okhala ndi galasi pamwamba, ndipo m'dilowa lililonse munali zikumbu zobayidwa pamapini m'mizere, chilichonse ndi kapepala kake kunsi. Anali atakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Alimi, ogulitsa mbewu ndi eni nyumba ankamutumizira zithunzi pafoni kuti awauze dzina la kachilombo kamene kakuwasowetsa mtendere, ndipo ambiri ankalandira yankho lomwelomwelo: "Kaikeni m'botolo, mubwere nako. Chithunzi ndi mboni imene inaona wakuba chakumbuyo."

Lachinayi lina m'mawa abwana analowa ndi zithunzi zitatu zochokera kusukulu ina yaikulu ya atsikana yogonera konko. Choyamba chinaonetsa kachikumbu kofiirira, kosongoka pang'ono, katakhala pafumbi loyera pansi pa kabati. Chachiwiri chinali kachikumbu komweko pambali pa mutu wa machesi. Chachitatu chinali kabati yonse, ndipo Nazikumbu atangoona makona ake anaizindikira. Malumikizidwe amenewo ankawadziwa kuyambira ali mwana. Achimwene ake anali atatha miyezi isanu akupanga makabati ndi mashelefu a sukuluyo, ndipo pakhomo pawo panalibe nkhani ina.

"A hedi akuti matabwa akufumbwa chaka chisanathe," anatero abwana. "Akufuna kalata yathu mawa. Komiti yawo ikumana Loweruka."

Nazikumbu anakulitsa chithunzicho pakompyuta mpaka chinasanduka phala. Pali tizikumbu tiwiri tofanana ngati mapasa: tonse n'tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, tonse n'taphwatalala, tonse sitifika pa kambewu ka mpunga. Kena kamaboola matabwa n'kusiya fumbi losalala. Kena kamakhala mu ufa, thabwa sikalidziwa n'komwe. Chowasiyanitsa chili pa tinyanga take, timene timathera ndi kamutu ngati ka chibonga. Kodya matabwa kamutu kake kali ndi mfundo ziwiri, ka mu ufa zitatu. Pachithunzicho tinyanga tinali mthunzi chabe.

"Bwana, apa sindingalembe. Atumize kenikeniko m'botolo. Komanso sindikuona mabowo pathabwapo."

"Mabowo akuti alipo. Fumbi ndi ilo mukuliona nokha. Inu mukufuna muone maso a nkhono, anthu akudikira?" Abwana anaima kaye pakhomo, kenako anatsitsa mawu, koma osati kwambiri. "Paja ndamva kuti wopanga makabatiwa ndi mlongo wanu. Ngati cholembera chikulemera pa chifukwa chimenecho, ingonenani. Tonse tili ndi abale, tikumvetsani."

Mlembi wa muofesi yoyandikana nayo anasiya kutaipa. Zaka zonsezo palibe amene anamulozapo chala Nazikumbu. Anali mkazi yekha pakhonde lonselo, ndipo ankadziwa kuti nkhani yotereyi ikangotuluka pakhomo imamera miyendo. Anayang'ananso chithunzicho. Fumbi loyera, kabati yatsopano, kachikumbu kofiirira. Mwa tizikumbu khumi totere, tisanu ndi titatu timakhaladi todya matabwa, anadziuza choncho.

Analemba kalatayo nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Sanaikemo "mwina" kapena "zikuoneka ngati". Analemba kuti matabwawo anabwera ndi mphutsi zake kuchokera kwa mmisiri, ndipo kuti tizilomboto tikhoza kufalikira kudenga ndi kumadesiki. Anasaina, abwana anadinda chidindo. Madzulo anagwira foni kawiri kuti aimbire achimwene ake, kawiri konse anaibweza m'chikwama.

Lamulungu masana achimwene akewo anabwera okha kunyumba kwake, atavala malaya a kutchalitchi, kalata ili m'manja. Anakana mpando.

"Dzanja ili ndi lako?"

"Ndi langa, achimwene."

"Matabwa amenewa ndinawaumitsa zaka ziwiri pamthunzi. Ndinawapaka mankhwala ndi manja angawa."

"Mphutsi zimabisala m'kati. Kunja simungazione." Mawuwo ankatuluka okha, ngati akuyankha mlendo muofesi. "Tizilombo sitidziwa chibale, achimwene."

Iye ankayembekezera mkuntho. Akanakalipa, akanamenya tebulo, mwina akanawauza kuti chithunzicho sichinkaoneka bwino. Koma iwo anangopinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya.

"Akanalemba wina ndikanatsutsa mpaka kukhoti," anatero. "Koma wanena ndiwe. Sukulu unapitira zimenezi. Ndiye kuti n'zoona."

Sabata yomweyo anatulutsa matabwa onse otsala m'shedi yawo, mulu umene anausonkhanitsa zaka zambiri, n'kuwatentha kuseri kwa nyumba. Anati sangagulitse munthu wina chinthu chodwala. Nazikumbu anamva nkhaniyo kwa mlamu wake, mkazi wa achimwene akewo, amene anaimba foni akulira, akuti utsi wake unatha masiku awiri.

Mbiri yoipa siidikira basi. Sukulu zina zimene zinali zitaitanitsa madesiki zinasintha maganizo. Mayi wina anabweza bedi limene anagonapo zaka zitatu, akuti usiku amamva kukukuta. Pamsewu wa amisiri anzawo anayamba kuwatchula kuti a Fumbwe, poyamba akapita, kenako pamaso. Mvula isanayambe achimwene akewo anatseka shedi n'kukalembedwa ntchito pa kampani ina yopanga mipando ya matabwa a utuchi, kumene ankangokankha mabolodi pamakina kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, bambo wina wamfupi anagogoda pachipinda cha tizilombo. Anati ndi woyang'anira katundu kusukulu ya atsikana ija. Anatulutsa kabotolo ka mapiritsi m'thumba la jekete.

"Mayi, alendo athu aja abweranso. Koma ndiye tadabwa. Makabati a matabwa tinachotsa onse, tinagula achitsulo. Kodi masiku ano zayambanso kudya chitsulo?" Anaseka yekha nthabwala yakeyo.

Nazikumbu anathira tizikumbuto m'kambale kagalasi, anatsanulira sipiriti, n'kukankhira kamodzi pansi pa maikulosikopu. Ndi nsonga ya pini anawongola kanyanga. Imodzi, ziwiri, zitatu. Anapukuta galasi ndi mpango n'kuwerenganso. Anatenga kachiwiri, kachitatu, mpaka tonse khumi ndi kamodzi, ngati kuti komaliza kakhoza kumuchitira chifundo.

"Muli bwino, mayi?" anafunsa bamboyo.

"Ndiperekezeni kusukulu kwanu."

Anamulowetsa m'chipinda chimene atsikana amaphunziriramo zophika. Nazikumbu anagwada n'kutsegula chitseko cha m'munsi cha kabati yachitsulo. Munali matumba atatu a ufa wa tirigu, limodzi litang'ambika pakona, ndipo paufa wotayikawo tizikumbu tinkayendayenda mosatekeseka.

Mphunzitsi wa zophika, mayi wansangala wovala epuloni, anabwera akupukuta manja.

"Ufawu mwakhala mukusunga pati?" anafunsa Nazikumbu.

"Pomwepa, m'munsimu. Ngakhale m'makabati akale aja ndinkaika momwemu. Iii, koma anali okongola inu! Ndinamva chisoni tsiku limene ankawawaza ndi nkhwangwa."

"Anapita kuti?"

"Kukhitchini. Anaphikira nyemba temu yonse."

"Nanga mabowo munawaona?"

Mphunzitsiyo anayang'ana woyang'anira katundu, iye anayang'ana kudenga. "Paja anati timabowo take n'tating'ono kwambiri, sitioneka ndi maso," anatero bamboyo.

Mawa lake Nazikumbu anaika kalata yatsopano patebulo la abwana, pamodzi ndi kambale ka tizikumbu. Abwana anaiwerenga mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi.

"Mukufuna ofesi ino ilembe kuti inanama?"

"Kuti inalakwitsa. Ndinalakwitsa ndine, dzina langa ndi limene lili pamenepo."

"Chidindo ndi changa. Ndikufunseni: mungalumbire kuti ka pachithunzi kaja ndi mtundu womwewu? Inu nomwe munanena kuti chithunzicho sichinkaoneka bwino. Mwina kaja kanalidi kodya matabwa, aka ndi kena. Makabatiwo anapsa, tifunsa ndani?" Anamukankhira kalatayo ndi chala chimodzi. "Madzi akatayika saoleka, mayi. Alembereni a sukulu kuti asunge ufa m'ndowa zotseka. Imeneyo ndidinda lero lomwe."

Nazikumbu anapita kukampani kuja nthawi yopuma masana. Anawapeza achimwene ake atakhala pa bolodi kuseri kwa nyumba ya makina, akudya buledi ndi tiyi wa m'botolo la pulasitiki. Tsitsi ndi nsidze zinali mbuu ndi utuchi. Anali ataonda, ndipo chala chimodzi chinali chokulungidwa ndi tepi.

"Kwagwanji? Amayi ali bwino?"

"Ali bwino. Ndabwera ndi nkhani ina."

Anafotokoza zonse ali chiimire: kabotolo, makabati achitsulo, matumba a ufa, mfundo za pakanyanga. Iwo anamvetsera osamudula, buledi ali m'manja.

"Ziwiri ndi zitatu," anatero pomaliza.

"Eya."

"Ndiye kuti matabwa anga aja analibe kanthu."

"Analibe."

"Ngakhale amene ndinatentha kunyumba."

Galimoto ya katundu inkabwerera chammbuyo pageti, ikulira ngati mwana wa mbuzi.

"Tandiuza chimodzi. Tsiku limene unkalemba, unkadziwa kuti chithunzi sichikuoneka?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga bwanji?"

"Ndinaopa kuti anena kuti ndikukonderani."

Achimwene ake anaseka, kuseka kouma kotulukira m'mphuno. "Ndiye wapambana. Palibe ngakhale mmodzi amene ananena zimenezo." Anatseka botolo la tiyi pang'onopang'ono. "Ine ndinkagona ndikudzifunsa kuti ndinalakwitsa pati. Kodi mankhwala anali osungunula? Kodi ndinagula mtengo wodwala? Ndafika pomaopa thabwa, ine, mwana wa kalipentala. Ndikaligwira ndimaliika kukhutu."

"Achimwene, ndilembera sukulu zonse. Ndipita ndekha, ndikawauze."

"Lemba. Ukalemberenso moto uja kuti ubweze matabwa." Anaimirira n'kukutumula buluku. "Koma chinthu chimodzi ndikupempha. Mlamu wako usamuuze. Anandithandiza kunyamula matabwa aja kupita nawo pamoto, mpaka mapewa anasupuka. Panopa amatukwana chikumbu, akatero mtima umatsika, n'kugona. Akadziwa kuti ndiwe, atukwana ndani? Ndiwe azakhali a ana ake. Pamaliro ndi paukwati muzikhala mphasa imodzi."

"Ndiye ndizingokhala chete?"

"Unakhala chete Lamulungu lija. Sunafe."

Belu linalira. Kapitawo anasuzumira pakhomo n'kuloza wotchi yake. Achimwene ake anavala kansalu kotseka mphuno n'kulowa, ndipo posakhalitsa makina anayambanso kulira.

Makalatawo Nazikumbu analembadi, asanu ndi anayi, pa pepala wamba lopanda chidindo. Sukulu imodzi yokha ndi imene inayankha. Inathokoza, n'kunena kuti komiti siikambirana kalata yosachokera ku ofesi.

Mwezi wotsatira anapita kwa achimwene akewo kukaona mwana wawo wamkazi amene anali atangotuluka m'chipatala. Iwo kunalibe, anali ku ntchito ngakhale linali Loweruka. Mlamu wake anamulandira ndi manja awiri, anamupatsa tiyi, kenako anamugwira dzanja n'kumukokera kuchipinda.

"Alamu, poti mwabwera, tandionereni wadilopu iyi. Ndi yokhayo imene ndinakaniza kuti asatenthe, anandipangira chaka chimene tinakwatirana. Koma mtima sukhala m'malo. Ndikaona kafumbi pansi, thupi lonse limachita tsembwe. Zinthu zimenezi zinatigwetsa, Mulungu azione."

Nazikumbu anagwada. Anatulutsa nsapato ndi makatoni, anayendetsa dzanja m'makona onse, anawunika ndi foni kunsi kwa mashelefu. Thabwalo linali lolimba, lozizira, lopanda bowo ngakhale limodzi.

"Ilibe kanthu, alamu. Ndi yabwinobwino."

"Mwaonetsetsa?"

"Ndaonetsetsa."

Mlamu wake anapuma mozama n'kukhala pabedi, dzanja lili pachifuwa. "Zikomo, alamu. Mwayi wathu ndi woti tili ndi inu m'banja muno. Anzathu amangofera osadziwa chawadya." Kenako anadzuka kukatenga pepala ndi cholembera, kuti amulembere dzina la mankhwala opopera, ongotetezera.