Munamupempha?

Orton anaika foni patebulo, pakati pa makapu amene anthu odzapepesa maliro anasiya.

"Adada asamve zimenezi," anatero Sophia, mlongo wake.

"Chiikireni maliro sakudya. Ukufuna tiwaikenso iwo?" anayankha Orton.

Orton anali atasonkhanitsa mauthenga onse a mawu amene malemu Lizzie, mkulu wawo, ankawatumizira, n'kuwalowetsa m'pulogalamu yotsanzira mawu a munthu. Sophia akanaseka, koma kuseka kunakana. Lizzie anathera zaka zake zonse kuyunivesite akufufuza zabwino ndi zoipa za makina oganiza ngati munthu, ndipo funso lake linali limodzi, kaya m'kalasi kaya pamaso pa mabwana a ku City Centre: mwini wake munamupempha?

A Greenwell, bambo awo, anatuluka m'chipinda akupapasa khoma. Nyumba ya ku Area 47 anaimanga atasamuka ndi boma kuchoka ku Zomba, ndipo ankaidziwa ngakhale maso anali atafooka.

"Mukunong'onezana chiyani?"

Orton anadina foni.

"Adada, mwadzuka bwanji?"

Anali mawu a Lizzie ndithu, ndi kusasa kwake komwe. Sophia anagwira mpando. A Greenwell anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mwana wanga," anatero. Kenako anaweramira foni ija. "Paja ndinkakuuza kuti zolimbana ndi makinazi n'zotaya nthawi. Ukanakhala dokotala wa kuchipatala."

"Mukunena zoona, adada. Pepani," inayankha foni.

Panja wina ankasesa phulusa la pasiwa.

"Si iyeyu," anatero a Greenwell. "Lizzie akananditsutsa mpaka tiyi kuzizira."

"Ndimangofuna mumumveko, adada," anatero Orton.

"Ndikudziwa. Koma unamupempha?"

Orton anayang'ana kumbali, n'kupukuta m'maso ndi dzanja la malaya.

A Greenwell anapapasa patebulo, nagunda kapu, mpaka anaipeza foni. Anaitembenuza kuti iyang'ane pansi n'kuikankhira kumapeto kwa tebulo. Sophia anazindikira. Ndi mmene Lizzie ankachitira ndi foni yake munthu akangokhala naye pansi kuti acheze, kaya ndi pulofesa kaya ndi mlonda wa pageti.

Mkuluyo anakhala kanthawi dzanja lili pafonipo. Kenako anasunthira kapu yopanda kanthu kumene kunali Sophia, ndipo iye ananyamuka kukatereka madzi.