Chitseko cha Rashide

Nasra anamva chitsulo chikulowa pansi pa chitseko, thabwa n'kulira. Panali patangotha masiku asanu ndi anayi chiikireni maliro a mwamuna wake Rashide, ndipo iye anali pa eda: miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka m'nyumba, osaonedwa ndi amuna achilendo.

"Ndani akuswa nyumba yanga?"

"Ndine, alamu," anayankha Momade, mng'ono wa malemu, ali panja. "Ndabwera ndi amisiri. Tichotse chitsekochi ndi mazenera, tiike geti lachitsulo. Kumaso kuno kukhale loja yogulitsiramo katundu. Anthu otsika komboyo ku siteshoni ya njanji amadutsa pompano."

Nyumbayo inali imodzi mwa zakale zoyandikana ndi siteshoni ya Cuamba, ya chitseko cha mlombwa chosemedwa maluwa ndi mazenera a timatabwa topingasa. A ku munisipiyo, khonsolo ya tauniyo, anali atalemba kuti kumaso kwa nyumba zimenezi kusasinthidwe, koma Momade ankati pepala sililuma.

Nasra anafunda nsalu, nakaima kuseri kwa chitseko.

"Mwadikira kuti eda indimange miyendo, eti? Mukuyesa yandimanganso pakamwa?"

"Ndi za atsamunda izi, alamu. Zawola."

"Mwawola ndinu! Timatabwa ta Mpwitikizi tinatha ndi chiswe. Akulu anu anasema tina, kamodzikamodzi, zaka makumi atatu. Inu munali kuti? Ku Mandimba, kugulitsa petulo m'mabotolo."

Mmisiri wina anaseka, n'kudzigwira.

"Amisiri inu, tamverani. Mukazula chitsekochi mundipeza ndakhala pompano, msewu wonse ukundiona. Mkazi wa pa eda. Ndiye Lachisanu mukanene kumzikiti amene wandiyalutsa."

Kenako chitsulo chija chinasololedwa pang'onopang'ono.

"Bambo Momade, ntchito iyi ayi," anatero wamkulu wa amisiri. "Mayiwa tiwasiye."

"Eda idzatha, alamu," anatero Momade.

"Idzathadi. Tsikulo ndidzatuluka, ndipo mudzalakalaka ndikanakhalabe m'kati."

Mapazi atamveka kutali, Nasra anaona kuti chitseko achisiya chayasama pang'ono. Anachikankha, chinakana. Chinatsika kalekale, chinkakhula simenti. Aliyense wobwera pakhomopo ankauza Rashide kuti angochipala kunsi, koma iye sanalole kuchotsapo ngakhale kachibenthu. Nasra anagwira chogwirira ndi manja awiri, natsamiza phewa monga ankachitira mwamuna wake, n'kuchinyamula pang'ono. Chinatsekeka osalira.